Lufeyo Anavomera Moto Umene Sanayatse

Ndinali kuzira m'nyumba tsiku limene Esinta anabwera. Ndinayambira ku ngodya ya kumutu kwa bedi, ndikubwerera chambuyo ndi maondo monga timachitira, ndipo ndinali nditafika pakati penipeni pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Nditacheuka ndinaona mkazi wa mwana wanga Lufeyo ataima, fumbi lili mpaka m'maondo.

"Musaponde, mpaiwisi," ndinatero. "Nenani muli pomwepo."

"Amayi, mwana wanu wavomera."

"Wavomera chiyani?"

"Mlandu. Ku khoti. Wati ndiye anatentha nkhokwe."

Nkhani ya nkhokweyo ndinali nditaimva kale. Lufeyo anakwatira kuseri kwa phiri, nakakhala chikamwini pakhomo pa apongozi ake, a Nangozo, mayi ake a Esinta. Nkhokwe yawo inapsa ndi chimanga cha chaka chonse, anthu anamuona iye akuthawa kuchokera kumene kunali utsi, apolisi nkumutenga. Ine sindinade nkhawa. Ndinati akapita akakana, abwerako. Mwana amene ankalira anzake akayatsa tchire posaka mbewa, angatenthe chakudya?

Ndinapukuta manja pachitenje. Beseni la dothi ndinalisiya pomwepo, nkhulungo yanga, mwala wosalazira pansi uja, ili momwemo. Ndinakoka chitseko nkunena kuti ndibwera dothi lisanaume.

Boma loyamba, kumene kunali khotilo, linali la fumbi lofiira. Chibadwire ndinali ndisanalowepo m'khoti, ndipo nditalowa ndinavula patapata osauzidwa ndi munthu. Denga linali patali ngati la tchalitchi. Mabenchi anali osalala chifukwa cha anthu ambirimbiri amene anadikirapo ine ndisanabadwe. Pakhoma panali wotchi yoima, ndipo pamtanda wa denga anamzeze anali atamata chisa chawo, akulowa ndi kutuluka osapempha chilolezo. Munthu mmodzi akalowa, onse ankaimirira. Koma chimene chinandigwira mtima ndi momwe mawu amakhalira m'nyumba imeneyo. Kwathu munthu anena lero, mawa akana, mkuja akudyera limodzi. Mmenemo munthu akangotsegula pakamwa, dzanja la woweruza limayenda, ndipo mawuwo amakhala pansi osasunthanso.

Panja ndinakumana ndi mayi wina wa bulauzi yoyera, mmodzi mwa aja amayendera ndende kufotokozera akaidi za malamulo. Ndinamuuza zonse mosazungulira.

"Chilango apereka?" anafunsa.

"Ayi. Akuti woweruza adzapereka tsiku lina."

"Ndiye khomo silinatsekeke. Munthu akavomera mlandu, chilango chisanaperekedwe angathe kupempha khoti kuti abweze mawu ake. Koma si kungoti ndasintha maganizo ayi. Anene chifukwa chomveka. Kaya sanamvetse funso, kaya china chake chinamukakamiza. Woweruza akakhutira, amalola. Koma anene yekha."

"Ndimunenera ine. Ndinamubereka ndine."

"Anavomera ndi pakamwa pake, mayi. Akane ndi pakamwa pomwepo."

Lufeyo ndinakamuona ku ndende, pakati pathu pali waya. Anali ataonda, koma anagwada kundipatsa moni ngati tili pakhonde pathu.

"Dzuka, nthawi ndilibe," ndinatero. "Unatentha?"

"Ayi, amayi."

"Nanga unkathawa chiyani?"

"Ndinaona utsi, ndinathamanga ndi ndowa ya madzi. Nditafika pangodya ya khola ndinangoti maso ndi maso ndi apongozi, akutuluka m'khitchini. Miyendo inachita yokha, amayi. Ndinapatuka kuti ndizungulire kuseri. Anthu anangoona msana wanga."

"Unathawa apongozi nkhokwe ikupsa?"

Anayang'ana pansi. Inde, ndi mmene zilili kwathu. Mkamwini sayang'anizana ndi mayi wa mkazi wake. Akakumana panjira, wina amalowa patchire kuti mnzake adutse. Koma ena amachita mwa mwambo chabe. Wanga uyu zinamulowa m'mafupa.

"Chabwino, unathawa. Nanga ku khoti?"

"Anawaimika patsogolo panga penipeni. Womasulira anati, mayi awa akuti unatentha nkhokwe yawo, ukuvomera kapena ukukana? Ndikanati ndikukana, si ndiye kuti ndawauza apongozi pamaso pa anthu kuti ndi abodza? Ndinati ndivomere, ndipepese, akuluakulu akhale pansi, ndiwamangire nkhokwe ina, zithe."

"Chitsiru iwe. Kuno sikuli pansi pa mtengo wa kwathu. Kuno sapepesa ndi nkhuku."

"Ndaona, amayi."

Tsiku la chilango linkangosunthidwa, ndipo munthu sadya kudikira. Kunja kwa boma kunali amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, ndinakhala nawo. Anandipatsa nyundo ndi mphira wogwirira mwala. Poyamba ndinkamenya ndi mkwiyo, mwala nkumangondilumira zala. Mayi wina wa diso limodzi anandigwira dzanja. "Mukulimbana nawo bwanji ngati mwamuna wanu? Uzungulitseni kaye. Uli ndi mzere wake." Ndinaphunzira kuuyang'ana mwala ndisanaumenye. Masiku ankadutsa ngati magalimoto a pamsewupo, ena ndinkawaona, ena fumbi lake lokha.

Kenaka tinamva kuti woweruza amusamutsa, ndipo ndende yadzadza. M'mawa wina lole inatuluka pachipata, mitu ya anthu ikuoneka pamwamba. Ndinazindikira khosi la mwana wanga. Ndinabweza nyundo kwa mwini wake nkutsata fumbi.

Sindingakuuzeni kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji. Midzi inali yofanana: mjigo, bwalo la mpira, mbuzi pamwamba pa chulu. Paliponse ankandifunsa kuti mukupita kuti mayi, ine nkumati ku khoti, iwo nkumaloza kutsogolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analoza kumbuyo.

Boma lachiwiri linali kuchigwa, kwa malambe ndi dzuwa loboola mutu. Kumeneko ndinagwira ntchito youmba njerwa. Ndinkaponda dothi, kulithira m'chikombole, kuyala njerwa padzuwa, ndipo uvuni akautentha tinkadikira kuti uzizire tisanapasule. Tsiku lina ndinatopa nako kudikirako. Phulusa la pakamwa pa uvuni linali loyera, lofewa, nkhuku itayendapo kale nkusiya mapazi. Ndinaponda. Chidendene chinamira, ndipo pansi pake ndinapeza moto wamoyo, uli chete, ngati unkandidikira ineyo. Ndinakuwa mpaka akhwangwala anauluka m'malambe. Mwini uvuni pondimanga sanza anangoti, "Phulusa timaliyesa ndi kamtengo, mayi. Limasunga moto masiku."

Ndinapita ku ndende ndikutsimphina. Waya anali yemweyo, kungoti mbali ino anali wotentha. Lufeyo anafunsa za phazi, ndinamuuza. Anasendera pafupi ndi waya.

"Apongozi amathira phulusa m'nkhokwe," anatero motsitsa. "Kuopetsa anankafumbwe. M'mawa umene uja ndinawaonera patali, atanyamula phulusa la kukhitchini m'chidebe."

"Ndipo sunanene?"

"Ndinene kuti atentha okha?"

Ndikanakhala ndi dzanja lolowa pa waya ndikanamukoka khutu. Koma ndinaima nkumuyang'ana, ndipo, ndinene zoona, ndinachita naye mantha pang'ono. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, wakhala m'ndende nyengo zonsezi atanyamula moto wa munthu wina, osaugwetsa.

Mayi wa bulauzi yoyera anali komwekonso. Kaya anali yemweyo kaya mnzake, sindinafunse. Anatipezera loya wa boma, wa aja amaimira anthu osauka, mwamuna wochepa thupi wa nsapato zong'ambika kutsogolo. Iyeyo anapempha khoti kuti limve za kubweza mawu, ndipo tsiku linaikidwa.

Nditalowa m'khoti la kuchigwako ndinaima pakhomo. Chinali chipinda chomwe chija. Denga lomwe lija, wotchi yoima pa nthawi yomweyo, anamzeze akumata chisa pamtanda womwewo. Woweruza yekha ndiye anali wina, mayi wa imvi ndi magalasi, koma dzanja lake linkayenda chimodzimodzi. A Nangozo anali atawaitanitsa monga odandaula, atakhala pa benchi ya kutsogolo, moyang'anizana ndi kabokosi koimamo wozengedwa mlandu.

Loya analankhula bwino ndithu. Woweruza anamvetsera, kenaka anatembenukira kwa Lufeyo.

"Loya wako akuti unavomera chimene sunachite. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Mlandu wotentha nkhokwe ya mayi awa, ukuvomera kapena ukukana?"

Ndinayang'ana Lufeyo. Anadzutsa mutu pang'ono, maso ake nkugwera pa mpango wa apongozi ake, ndipo mutu unabwerera pansi ngati wina waukanikiza. Chipinda chonse chinadikira. Anamzeze analowa, anatuluka, analowanso.

"Yankha, iwe!" ndinakuwa. Wapolisi anandiloza ndi chala.

Palibe chimene chinatuluka.

Woweruza anavula magalasi. "Sindingachotse mawu amene mwini wake sakuwachotsa. Ndikupatsa mpata umodzi wotsiriza. Ukadzakhalanso chete, tsiku lomwelo ndidzapereka chilango, ndipo mlandu umenewu ndi wa zaka."

Panja loya anapukuta thukuta nkuti, "Mayi, mbali yanga ndachita. Lamulo latsegula chitseko, koma mwana wanu sakudutsa."

"Pachitsekopo paima munthu," ndinatero.

Ndinanyamuka kupita kuseri kwa phiri, kwa a Nangozo. Njira inadzera kufupi ndi kwathu. Ndinaona denga la nyumba yanga chapatali, munda wanga utamera nsenjere zotalika kuposa munthu, koma sindinapatuke. Pamjigo mayi wina anandiuza kuti mkulu wanga anamwalira mvula yapita, anandifunafuna osandipeza. Ndinamwa madzi, ndinakhala pansi pang'ono, ndinadzuka. Maliro amene sunapiteko amayenda nawe. Sathamanga, sakusiyanso.

Esinta, amene ndinasiyana naye mimba isanaoneke nkomwe, ndinamupeza ndi mwana wokwawa, wa makutu a Lufeyo. Pamene panali nkhokwe panali bwalo lakuda, ndipo pamenepo panayanga maungu obiriwira kuposa ena onse pakhomopo. A Nangozo anali atakhala pamkeka, akufuna kuthira phulusa m'thumba la nyemba. Ndinaima kuseri kwa khola osaodira kaye. Ndinawaona akulowetsa dzanja m'chidebe cha phulusa mpaka pamfundo, nkudikira. Analitulutsa, anavundula, analowetsanso, nkudikiranso.

"Odi, asewere."

Anadzidzimuka. Tinapatsana moni wonse, wa ana, wa mvula, wa matenda. Kenaka ndinaloza chidebecho.

"Phulusa limeneli mukuliyesa ngati madzi osambitsira khanda."

Anapukuta dzanja pang'onopang'ono.

"Ine ndinamuona akuthawa," anatero.

"Ankathawa inu."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Utsi uli tolo, chimanga changa chikuthetheka, mkamwini akuthamanga cha uko. Inu mukanati chiyani?"

"Ndikanati chomwecho."

Anandiyang'ana koyamba. Maso awo anali a munthu amene sagona bwino.

"Maganizo a phulusa anandibwerera mochedwa, asewere, apolisi atalemba kale. Ndinati akakana, ine ndidzati mwina ndinalakwitsa kuona. Koma iye nkuvomera! Munthu atavomera yekha, ine ndikatsutse chiyani? Ndinayamba kuganiza kuti kapena anatenthadi."

"Inu mumadikira kuti akane, iye akudikira kuti asakunyozeni. Mukhala mukudikirana mpaka mwanayu adzakwatira."

"Ndiye ndikanene kuti ndinatentha ndekha? Pamaso pa anthu?"

"Zimenezo ndi za inu ndi mtima wanu, nthawi yake idzafika. Ine sindinabwere kudzakupemphani mawu. Mukakumana naye panjira yopapatiza, mumatani?"

"Ndimapatuka. Kapena iye."

"Iye alibe kopatukira. Amutsekera m'kabokosi."

Mwana uja anakwawa nkudzagwira chidebe cha phulusa. A Nangozo anamukwatula mwachangu, ngakhale anali atangoliyesa kumene, nkumukumbatira pachifuwa. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Ndinatsanzika.

Pamene tsiku linkafika, khoti linali litasamukiranso kwina, ku boma la pamwamba pa mapiri kumene nkhungu imayenda m'misewu ngati ng'ombe. Podikira ndinkathandiza amayi ocheka matabwa kusenza utuchi, koma za kumeneko sindikumbuka zambiri, fungo la paini lokha ndi kuzizira kwa chidendene changa chopsa chija. Ndinalowa m'khoti osadabwanso. Denga, wotchi, anamzeze. M'chisa munali ana tsopano, atayasamula kukamwa.

Woweruza anali mayi wa imvi yemwe uja. Esinta anakhala kumbuyo ndi mwana. A Nangozo analowa mochedwa, atavala chitenje chatsopano, nkukhala pa benchi ya kutsogolo pomwe paja. Ndinati basi, ulendo wanga uja unapita pachabe. Wapolisi woimira boma anaimirira nkunena kuti nthawi yapita yaitali, munthuyu anavomera yekha popanda womumenya, khoti lipereke chilango basi.

"Lufeyo," anatero woweruza, "ili ndi funso lotsiriza. Ukuvomera kapena ukukana?"

Mutu wake unali pansi. Ndinatseka maso, ndipo ndinamva benchi ikulira.

A Nangozo anali ataimirira. Wapolisi wa pakhomo anati, "Khalani pansi, mayi," koma woweruza anakweza dzanja kuti awaleke. A Nangozo anayenda pang'onopang'ono, kudutsa kutsogolo kwa anthu onse, mpaka pangodya pansi pa wotchi. Pamenepo ananjuta, nkhope kukhoma, nkukoka chitenje kufunda kumutu, monga amachitira mpongozi m'mbali mwa njira kuti mkamwini adutse.

Anthu a m'tauni ena anaseka. A kumudzi sanaseke.

Lufeyo anaona benchi yopanda munthu. Anadzutsa mutu, ndipo ndinaona kuti ndi wamtali kuposa mmene ndinkamukumbukira.

"Ndikukana," anatero.

Mawuwo anatuluka okhakhala, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa dzinja lonse. Dzanja la woweruza linayenda.

"Nanga unavomereranji poyamba?"

Anafotokoza. Za ndowa ya madzi, za pangodya ya khola, za miyendo yochita yokha, za kuopa kutsutsa apongozi pamaso pa anthu. Za phulusa sanatchule, ndipo woweruza sanafunse, poti tsikulo silinali la mboni. Anangoyang'ana mulu wa chitenje uli pangodyapo, nkuyang'ananso Lufeyo, nthawi yaitali.

"Munthu akavomera, avomere mlandu, osati ulemu," anatero. "Khoti lakhutira kuti kuvomera kuja sikunachokere mumtima womasuka. Mawu amenewo achotsedwa. Talemba kuti wakana. Mlandu uyambire pachiyambi, mboni zibwere."

Ine ndinaswapo miyala, ndinapasulapo uvuni, koma sindinaonepo chinthu cholemera chikunyamulidwa mopepuka chotero. Mawu amene anandiyendetsa dziko lonse, amene anandilanda munda ndi maliro a mkulu wanga, mayi uja anawachotsa ndi dzanja limodzi, ali chikhalire. Ndinayang'ana kudenga kuti kapena pagwa kanthu. Anamzeze ankangodyetsa ana awo.

"Ndiye wamasuka?" ndinafunsa loya panja.

"Ayi, mayi. Amupatsa belo, azidikira ali kunyumba. Mlandu ndiye ukuyamba kumene. Angathe kupambana, angathenso kugwa."

"Koma akagwa, agwa ataimirira?"

Loya anaseka. "Mwina tingatero."

A Nangozo anatuluka pomaliza, akadali ofunda kumutu. Podutsa pafupi ndi ine ananong'ona, "Tsiku la mboni mudzandidzere, asewere. Ndekha miyendo sidzandifikitsa." Lufeyo atawaona akubwera analumphira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu kuti adutse. Ndinangopukusa mutu.

Kunyumba chitseko chinali chopendekeka. Mkati, theka la pansi linali lakuda, theka lotuwa, mzere uli pakati pomwe ndinasiyira. Dothi la m'beseni linali litauma gwa, nkhulungo itamatirira momwemo. Nkhuku za eni ake zinali zitayendamo mmene zinafunira. Ndinathira madzi m'beseni, ndinafewetsa dothi ndi zala, ndinamanga chitenje m'chiuno nkugwada pamzere paja.

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali Lufeyo, atanyamula ndowa.

"Usaponde, mpaiwisi," ndinatero osacheuka. "Ndiwe unasiya chitseko chotsegula kuti nkhuku zindiwonongere m'nyumba?"

"Ayi, amayi. Si ine."

"Sindinamve."

"Ndati si ine!"

"Chabwino. Ika madziwo pomwepo, ukatunge ena."

Ndinatapa dothi, ndinalipaka pamzere, nkuyamba kubwerera chambuyo ndi maondo. Khomo linali likadali kutali kumbuyo kwanga.